Njerwa Isagunde Pansi

Lolemba lina m'mawa, mwezi wa June kukuzizira, Eveless anachotsedwa ntchito anthu akuonerera. Sanabe kanthu. Sanatukwane kasitomala. Mlandu wake unali woti anaonetsa maliro pa chisangalalo cha ukwati.

Musaseke, abale anga. Inenso nditaimva koyamba nkhaniyi ndinaseka mpaka kutsokomola, koma mwini wake tsiku limenelo ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Ndikulembera inu amene munalakwitsapo chinthu pagulu, ndipo mpaka lero mukamadutsa pamalopo mumayenda mutawerama.

Eveless kwawo ndi ku Mitundu. Anapitako ku koleji kukaphunzira za makompyuta, koma m'chaka chachiwiri, chaka chomwe mayi ake anamwalira, mayeso anamukanika ndipo anamubweza. Anadzakhala ndi azakhali ake ku Mchesi. Ntchito anaipeza pa situdiyo ya a Abdulmajid ku Old Town, kuseri kwa msika waukulu, pakati pa ogulitsa nsalu ndi ogulitsa misomali. A Abdulmajid amajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe, maliro ndi ziliza, ndipo anali atagwira ntchitoyi zaka makumi awiri popanda wowaloza chala. Eveless ankasesa, kulandira alendo ndi kukopera mavidiyo pa fulashi.

Koma mtsikanayu mutu wake sunkagona. Ankamva makasitomala akudandaula kuti abale awo ali ku Joni, ena ku Mzuzu, ndipo vidiyo ya maola awiri siingadutse pa WhatsApp. Tsiku lina anauza abwana ake kuti akhoza kukonza tsamba la pa intaneti, loti banja lililonse lizilandira linki yakeyake n'kumaonera pa foni.

A Abdulmajid anamuyang'ana nthawi yaitali. "Yesa, mwana wanga," anatero. "Koma dzina langa ulisamale."

Kuti mumvetse pomwe panagona tsoka, ndikufotokozereni pang'ono momwe anachikonzera. Mavidiyo onse ankasungidwa m'nkhokwe ya pa intaneti, imene amaitcha kilaudi, banja lililonse ndi foda yake. Pakati pa nkhokweyo ndi foni ya kasitomala panali kakompyuta kena kotchedwa seva, ndipo mmenemo ndi mmene munkakhala pulogalamu ya Eveless. Munthu akadina linki, seva inkapita ku nkhokwe, n'kutenga vidiyo yonse yathunthu, n'kuitula kaye pa disiki yake. Ikamaliza kutula m'pamene inkayamba kumupatsa mwini wake.

Tsono a Abdulmajid anali ndi chizolowezi chawo. Vidiyo iliyonse akamaliza kuikonza ankaipatsa dzina limodzimodzi loti "yomaliza". Ya ukwati, yomaliza. Ya chiliza, yomaliza. M'nkhokwe munalibe vuto, popeza iliyonse inali m'foda yake. Koma pa disiki ya seva zonse zinkatulidwa pamalo amodzi. Eveless sanaganizepo zimenezo, chifukwa poyesa tsamba lake ankayesa yekha, ndi vidiyo imodzi basi. Zinkayenda bwino, iye n'kumadziombera m'manja.

Tsoka silinunkha. Lamulungu masana, mnyamata wina dzina lake Paxton, amene amagwira ntchito pa famu ku Joni, anadina linki ya maliro a mayi ake. Ku malirowo sanabwere, mapepala ake sanali bwino. Seva inayamba kutula vidiyo ija pa disiki, iye n'kumayang'ana kagudumu kakuzungulira pa foni mpaka nthawi yake yopuma inatha. Anabwerera ku ntchito asanaone ngakhale mphindi imodzi.

Nthawi yomweyo ku Area 14, Mayi Naphiri anali atadzaza balaza ndi alendo. Mwana wawo wamkazi anali atangokwatiwa sabata yapitayo, ndiye anaitana apongozi, ankhoswe ndi amayi a kumpingo kuti adzaonere ukwatiwo pa TV yaikulu. Anadina linki yawo. Seva inayang'ana pa disiki, n'kupeza kuti "yomaliza" ilipo kale, ndipo inangoitola n'kuwapatsa.

Pa TV panatuluka bokosi. Panamveka nyimbo ya maliro ndi amayi akulira.

Mkwatibwi anathawira kuchipinda misozi ili chuchuchu. Apongozi anaimirira n'kunena mawu amodzi okha, akuti awa ndi malodza. Alendo anabalalika zakumwa zisanathe.

Lolemba lija Mayi Naphiri anafika pa situdiyo zitseko zikungotsegulidwa kumene. Mawu awo anamveka mpaka kwa ogulitsa nsalu.

"Mwana wanga wakulakwirani chiyani kuti mumuonetse bokosi asanathe ndi mwezi womwe pabanja? Anthu inu mulibe umunthu!"

A Abdulmajid anapepesa mpaka mawu kuwathera. Mayi aja atapita, anatembenukira kwa Eveless. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikumanga dzina ili. Tseka chinthu chakocho, usiye makiyi patebulopo, uzipita."

Asanatseke tsambalo, Eveless anapeza uthenga wa Paxton wochokera ku Joni. "Asisi, linki ija sikutseguka. Ndikungofuna ndione pomwe anagona amayi anga." Eveless anauwerenga kangapo. Iye ankadziwa kuwawa kwa kuika mayi m'manda, koma anaganiza za munthu amene ngakhale mandawo sanawaone. Anatseka tsamba, natuluka.

Pa msika nkhani sichedwa. Pofika Lachitatu anyamata onyamula katundu anali atamupatsa kale dzina loti Wamaliro. Kunyumba azakhali ake sanamubisire mawu.

"Makompyutawa anakukana kale ku koleji. Ukuwakakamiriranji? Ukapeze ntchito ya manja ngati anzako."

Eveless anaika laputopu yake yakale pansi pa bedi, ija yosayaka popanda kuilumikiza ku magetsi, n'kuiphimba ndi chitenje. Sabata yotsatira mnansi wawo anamutengera ku ganyu ku Area 47, komwe munthu wina ankamanga nyumba yosanja. Mtsikana amene ankalota zokonza mapulogalamu anayamba kusenza ndowa za madzi ndi kutsitsa njerwa. Sindikunyoza ntchitoyo ayi, yalera ambiri a ife. Koma kwa iye kunali kuvomereza kuti azakhali ake ananena zoona.

Kapitawo pamalopo anali a Nasoni, munthu wamfupi wa mawu ngati lipenga, amene chipewa chake cha ubweya sankachivula ngakhale dzuwa lili pa liwombo. Lole ya njerwa ikafika, inkaima pamsewu chifukwa njira yolowera inali yopapatiza. A Nasoni ankaimika anthu khumi ndi awiri pamzere, kuchokera pa lole mpaka pa khoma, n'kumapatsirana njerwa dzanja ndi dzanja.

Tsiku limenelo puloti yoyandikana nayo inalandiranso lole yake, ndipo mizere iwiri inkadutsa moyandikana m'kanjira komweko. Eveless anaikidwa pakati pa mzere. Ndiye poti anapitako ku koleji, anaganiza zoonetsa nzeru. Ankalandira njerwa n'kumaunjika pamapazi ake, kuti zikakwana khumi azipereke pamodzi. Anthu a kutsogolo kwake anangoima manja ali lende. Ndipo anyamata a puloti ina ija, poona mulu wa njerwa m'kanjira, anayesa ndi zawo, n'kuyamba kutola. Panabuka mkangano woti anthu anatsala pang'ono kugendana ndi njerwa zomwezo.

A Nasoni anafika akuthamanga, chipewa chili pendapenda.

"Asisi! Wakuuzani ndani kuti muzitula? Inu si depoti ayi. Landirani, perekani. Landirani, perekani. Njerwa isagunde pansi! Ili m'manja timadziwa kochokera ndi kopita. Ikagunda pansi ilibe mwini, aliyense ati ndi yake."

Eveless anangoti kakasi. Njerwa yotsatira inamugwera pa chala cha kuphazi, koma akuti ululu anaumva patapita nthawi. M'maso mwake munali disiki ija ya seva, ndi vidiyo ya maliro ili pansi, ikudikira aliyense wodutsa kuti aitole. Kwa milungu iwiri ankadziuza kuti cholakwa chinali dzina lija la "yomaliza". Tsopano anaona kuti dzinalo linangopezerapo mwayi. Cholakwa chinali kutula. Kodi vidiyo inkafunikiranji kugona pa seva? Bwanji osangoidutsitsa, kachidutswa ndi kachidutswa, kuchokera ku nkhokwe mpaka ku foni ya mwini wake?

Loweruka ankaweruka masana. Anavundukula laputopu, n'kukwera minibasi kupita ku laibulale ya ku City Centre, komwe kuli magetsi ndi malo okhala phee. Atafufuza anapeza kuti njira imeneyi ilipo kalekale, akatswiri amaitcha streaming, ndipo yalembedwa poyera kuti aliyense awerenge. Anadzipsera mtima. Akanafunsa poyamba paja, bwenzi bokosi lisanalowe m'nyumba ya eni ake. Safunsa anadya phula, ndipo iye anali atadya phula lokwanira.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda myaa. Nkhani zotere anthu amakonda kuzifupikitsa, ngati kuti nzeru ikabwera ntchito yatha. Ayi ndithu, inali itangoyamba kumene.

Anapeza kaseva kaulere kamene amapatsa ophunzira, ndi kankhokwe kakang'ono. Mavidiyo oyesera ankajambula yekha pa ganyupo: lole ikutsitsa, amayi akutunga madzi, a Nasoni akukalipa. Ndipo ulendo uno sanafune kuyesanso yekha. Nthawi ya chakudya chamasana ankapempha anzake a pa ganyu kuti atulutse mafoni awo, n'kudina linki onse pamodzi.

Ulendo woyamba, disiki sanaigwiritsedi ntchito, koma pulogalamu yake inkakumbatira vidiyo yonse mu memore ya seva isanapereke. N'chimodzimodzi munthu wokana kutula njerwa pansi koma n'kuzikumbatira zonse pachifuwa. Foni yoyamba inaonetsa bwino. Yachiwiri inayamba kutsimphina. Yachitatu itangolowa, seva inakomoka.

"Yafa!" anafuula mnyamata wina woponda matope. "Paja ndinu Wamaliro!"

Dzina lija linali litamutsatira mpaka ku Area 47. Anthu anaseka, iyenso anaseka nawo, koma pobwerera ku Mchesi analira m'minibasi nkhope ataloza pawindo.

Sabata yotsatira anaiphunzitsa pulogalamu kudula vidiyo m'tizidutswa ting'onoting'ono, kulandira kamodzi n'kupereka kamodzi. Anali wotsimikiza kuti watha. Koma seva inakomokanso, ndipo ulendo uno sanadziwe chifukwa chake. Anawerenga, anasintha apa, anasintha apo, osaphula kanthu. Milungu iwiri inapita choncho. Manja ake anali atang'ambika ndi njerwa moti polemba pa laputopu zala zinkachita kuwawa, ndipo fumbi lofiira linali litalowa m'mabatani mpaka chilembo china chinasiya kugwira. Azakhali ake akamuona akupukuta laputopuyo ankangopukusa mutu.

Loweruka lina sanapite ku laibulale. Anakhala pakhonde masana onse, ndipo anandiuza yekha kuti tsiku limenelo anali atasiya. Chimene chinamudzutsa ndi uthenga uja wa ku Joni, umene anali asanaufute m'foni mwake. Anali atamva kwa mnzake wa ku Old Town kuti a Abdulmajid anatumiza fulashi pa basi, koma Paxton kufamuko alibe TV kapena kompyuta, ali ndi foni yokha, ndipo foniyo ilibe malo osunga vidiyo ya maola awiri. Kuika maliro poyera pa intaneti abale anakana. Munthu uja anali akudikirabe.

Lolemba anabwerera pamzere, ndipo ulendo uno ankayang'anitsitsa. Mnyamata wa pamwamba pa lole anali wamphamvu, ankaponya njerwa mofulumira. Kumapeto kwa mzere kunali a Elube, mayi wachikulire amene sankathamanga ndi munthu. Pasanapite nthawi anthu a pakati anadzazidwa manja, njerwa n'kuyamba kugwa.

"Iwe wa pamwamba!" anakuwa a Nasoni. "Usaponye mnzako asanatambasule manja! Ukuthamangira kuti? Mzere umayenda ndi liwiro la a Elube, osati lako!"

Eveless anatsala pang'ono kuwakumbatira a kapitawo. Nkhokwe ya pa intaneti inali mnyamata wa pa lole uja, yothamanga kwambiri. Mafoni a anzake, ndi netiweki yathu ino yoyenda ngati kamba, anali a Elube. Seva inkalandira msanga kuposa momwe inkaperekera, tizidutswa n'kumaunjikana pakati mpaka kuitsamwitsa. Anailembanso pulogalamu kuti isatenge kachidutswa kena ku nkhokwe kufikira foni itanena kuti manja ali opanda kanthu. Anaiphunzitsanso kuti woonera akachoka, iuze nkhokwe kuti ileke kuponya.

Masana otsatira mafoni asanu ndi atatu anaonetsa popanda kutsamwa. Eveless anali atayamba kale kumwetulira pamene a Elube anakweza dzanja.

"Asisi, netiweki inathawa pakati. Yabwera, koma chinthuchi chayambiranso poyamba. Ndiye bandulo yanga ithere kuonera zomwe ndaona kale? Ine ndine wosauka, musandiseweretse."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Eveless anaganiza za Paxton kufamu kuja, komwe netiweki imabwera ndi mphepo. Kunamutengera masana onse a Loweruka lina kuti foni izitha kuuza seva kuti ndinalekezera apa, ndipo seva izikatenga ku nkhokwe kuyambira pomwepo basi.

Patatha milungu isanu ndi iwiri chichotsedwere ntchito, anachita mayeso amene ankawaopa. Anaika mavidiyo asanu ndi limodzi m'mafoda osiyana, onse n'kuwatcha dala "yomaliza". Anagawa malinki kwa anthu khumi ndi anayi. Anawerenga mpaka katatu, onse n'kudina. Aliyense anaona vidiyo yake. Disiki ya seva inali mbee, yopanda kanthu.

A Nasoni anayang'ana foni yawo, momwe munali iwo eni akukalipira mzere. "Kodi ine ndimakuwa chonchi?" anafunsa. Anthu onse anayankha pamodzi kuti eya.

Kubwerera ku Old Town kunali kovuta kuposa njerwa. Anadutsa pakati pa ogulitsa nsalu akumva dzina lija likunong'onedwa kumbuyo kwake. Pa situdiyo panali zii, chifukwa nkhani ya bokosi inali itazungulira mipingo ndipo maukwati ambiri anali atapita kwina. A Abdulmajid atamuona anangoti, "Ndatanganidwa," ngakhale panalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe. Eveless anabweranso Loweruka lotsatira, yankho n'kukhala lomwelo. Ulendo wachitatu anangoika laputopu patebulo n'kuyamba kufotokoza za lole ndi mzere, osadikira kuloledwa.

A Abdulmajid anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Amene unawalakwira kwambiri si ine. Ukawaonetse a ku Area 14. Ndikuperekeza, ndipo nkhokwe ndikutsegulira. Koma pakamwa panga sipatuluka mawu. Akakana, usadzabwerenso pano."

Anapita masana omwewo. Mayi Naphiri anawasiya pageti kwa kanthawi ndithu asanawalowetse. M'balaza muja TV yaikulu ija inali pomwepo. Eveless sanakhale pampando. Anagwada.

"Mayi, sindinabwere kudzanamizira kompyuta. Kompyuta inachita zomwe ndinaiuza. Ndinalakwa ndine, ndipo ndikupepesa. Ndakonza, ndipo ndikupempha kuti mudine nokha."

Mayi Naphiri anaimirira. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa fulashi imene a Abdulmajid anawatumizira tsiku lija.

"Iyi sindinaitsegulepo. Ndimaopa. Ukwati wa mwana wanga sindinauonerebe mpaka lero." Anaiika patebulo. "Koma pali chinthu chimandisowetsa mtendere. Pa bokosi lija panali chithunzi cha mayi wovala duku loyera. Nkhope imeneyo siichoka m'maso mwanga. Anali ndani?"

Eveless anawauza za Paxton, za mapepala, za famu ndi za uthenga uja.

"Ndiye kuti mwana wakeyo sanaonebe?"

"Sanaone, mayi."

"Miyezi iwiri yonseyi? Ife amene sitikuwadziwa tinaona, mwini maliro ayi?"

Mayi aja anapumira m'mwamba, n'kukonza chitenje chawo.

"Dzuka. Tichita chonchi. Umuimbire mnyamatayo, adine linki yake. Ine ndidina yanga nthawi yomweyo, monga zinachitikira tsiku lija. Ndipo yangayo ndiiponya pa gulu la banja lathu, tilipo anthu oposa handiredi. Bokosi likaonekanso m'nyumba muno, iwe ndi abwana akowa mudzandidziwa bwino."

A Abdulmajid anasunga lonjezo lawo, sanayankhule. Eveless anaimba ku Joni. Paxton anali atangoweruka. Atamva za linki yatsopano anangoti, "Musandinamizenso, asisi."

Anawerenga mpaka katatu, ndipo anadina.

Kagudumu sikanazungulire ngakhale kawiri. M'balaza munadzaza nyimbo ya kwaya, ndipo pa TV panatuluka mtsikana wovala zoyera akutsika galimoto pakhomo la tchalitchi, akuseka.

Mayi Naphiri anagwira pakamwa. Kenako anaimirira n'kuimba nthungululu yoti galu panja anayamba kuuwa. "Ndi mwana wanga uyo! Taonani mwana wanga!" Foni yawo inayamba kulira mosalekeza, abale a pa gulu akulemba kuti tikuonera, tikuonera. Pa laputopu ya Eveless chiwerengero cha oonera chinkakwera, makumi awiri, makumi anayi, mpaka kupitirira makumi asanu ndi limodzi. Seva inkangolandira n'kupereka. Disiki inali mbee.

Koma Eveless sanasangalale nawo. Maso ake anali pa mzere umodzi wokha, wopita ku Joni. Anauona ukuduka. Patapita mphindi zingapo unabweranso, n'kupitiriza pomwe unalekezera. Unadukanso kachiwiri, n'kubweranso. Pa TV anthu anali kuvina perekaniperekani, Mayi Naphiri akudziloza okha kuti taonani momwe ndinkadulira chiuno, koma mtsikanayo anangokhala pamphasa ya pansi foni ili m'manja, kudikira.

Dzuwa litapendeka, foniyo inalira. Unali uthenga wa mawu. Mayi Naphiri anatsitsa okha mawu a TV.

"Asisi, ndawaona amayi." Anali Paxton. "Pa bokosi anayala chitenje chomwe ndinawatumizira pa Khirisimasi. Sindinkadziwa kuti chinafika. Ndaonanso mtengo wa mthethe uli pafupi ndi manda. Tsiku lomwe ndidzabwere sindidzafunsa munthu, ndidzangolunjika. Zikomo, asisi. Lero ndiye ndalira maliro."

M'balaza muja, ukwati ukuvinidwa mwakachetechete pa TV, anthu atatu analira mayi amene sanakumanepo naye. Ndikunena atatu, chifukwa a Abdulmajid nawonso ankapukuta m'maso ndi mpango, akunamizira fumbi la mwezi wa August.

Potuluka pageti anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi aja.

"Lolemba, hafu seveni. Ndipo mavidiyo ndisiya kuwatcha yomaliza."

"Atcheni momwe mungafunire, bwana," anatero Eveless. "Sagundanso pansi."

Lero Eveless amasamala matsamba a masitudiyo angapo a mu Lilongwe muno, ndipo ya a Abdulmajid inadzazanso, Mayi Naphiri ndi amene amawatumizira maukwati a kumpingo kwawo. Pa msika alipo ena amamutchabe Wamaliro, iye amangovomera n'kupitirira. Zipsera za njerwa zikadali m'manja mwake. Digiri alibe mpaka pano, akuti adzaitenga, ndipo ine sindikukayika. Pa tebulo lake pali njerwa imodzi yofiira imene anapatsidwa ndi a Nasoni tsiku lotsanzikana, ndipo wosesa aliyense amauzidwa kuti asaitsitse.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso muli ndi bokosi lanu limene munaonetsa pomwe silinkafunika. Mwina mayeso anakubwezani, mwina munachotsedwa ntchito anthu akuonerera, ndipo chipangizo chanu munachiphimba ndi chitenje pansi pa bedi. Madzi akatayika saoleka, n'zoona, ndipo Lamulungu lija Eveless sangalibweze. Koma musathawe pomwe munagwera musanafunse chimene chinakugwetsani. Musanyozenso malo amene moyo wakuponyani, chifukwa mphunzitsi wanu akhoza kukhala wovala chipewa cha ubweya, akukuwa pafupi ndi lole.

Ndipo kumbukirani kuti penapake pali munthu amene akudikira ntchito imene inu mwaisiya. Simukumuona, koma akuyang'ana kagudumu kakuzungulira. Chifukwa cha iyeyo, mtima wanu usagunde pansi. Vundukulani chitenjecho, bwererani pamzere, tambasulani manja.